Wantchito wa m'nyumba naye lamulo limamudziwa

Mtsikana wochokera kwa Kawinga amene akulera ana a eni ku Liwonde, kapena mnyamata wosesa pabwalo pa Balaka, kawirikawiri amatchedwa "mwana wa pakhomo". Dzinali n'lokoma, koma limaphimba nkhani ya malipiro. Lamulo la zantchito la 2000 limamuwerengera ngati wantchito: akagwira masiku 6 otsatizana ayenera kupuma tsiku lathunthu. Mu 2024 boma lidakweza malipiro ake otsikitsitsa kuchoka pa K38,000 kufika pa K52,000 pamwezi.

Vuto limene ofufuza za mabungwe a antchito amalitchula n'lakuti aliyense amagwira yekha kuseri kwa mpanda, motero bungwe ngati CIAWU limavutika kuwasonkhanitsa. Womanidwa malipiro akhoza kukadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, ngakhale adagwirizana pakamwa pokha.