Ulendo wa ku Nyanja ya Mcere

Abale a ku Benoni, Boksburg ndi Springs, nchito ikaima sabata la Khirisimasi ambiri mudzatsikira ku Durban, mtunda wa makilomita pafupifupi 600, kukaona nyanja ya mcere. Makolo athu amene anakumba golide kuno sanali kuloledwa kuponda pa magombe a Azungu, kufikira lamulo la 1953 linafafanizidwa mu 1990. Pitani ndithu, mukatungeko madzi m'botolo monga acitira eni dziko.

Koma inu a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota, amene munakulira m'bwato, ndinu amene tikuderani nkhawa. Nyanja imeneyo si yakwathu ai: madzi ace amakokera munthu kutali ndi mtunda mwakacetecete, ngakhale katswiri. Sambirani pakati pa mbendera ziwiri, pamene alonda akukuonani, ndipo mowa uyambe wadikira mpaka mutabvala.