Odula makiyi: muli chakudya mu ntchito imeneyi?

Phokoso la makina odulira makiyi mumalidziwa. Mudalimvapo m'mbali mwa msika ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, pa kabenchi kamene timangokadutsa mpaka tsiku lomwe makiyi a nyumba atisowa. Lero tiima pomwepo, tifunse funso limene achinyamata ofuna ntchito ya manja amafunsa: kodi woyamba kumene amapezamo chiyani, nanga kutsogolo kuli kotani?

Makolo athu analibe loko. Chitseko chinali cha bango kapena nsungwi, ndipo usiku ankachitsekera ndi mpiringidzo. Masana anthu akapita kumunda, nyumba inkalonderedwa ndi maso a anansi. Koma chitsulo ankachidziwa. Ankachiyenga m'ng'anjo zadothi, zimene zotsala zake zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu, ndipo wosula ankapemerera moto ndi mvukuto n'kupanga makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Wodula makiyi wa lero ndi mdzukulu wa wosula ameneyu, kungoti chitsulo chake n'chochepa ngati chala.

Loko adabwera ndi masitolo, mamishoni ndi nyumba za njerwa. Yemwe timamuika m'kati mwa thabwa la chitseko, wa kiyi wamtali uja, mbiri yake imayambira ku England, kumene Robert Barron adakonza njira yake mu 1778. Ambiri timangomutchula kuti Union, dzina la maloko opangidwa m'tauni ya Willenhall. Wa kiyi wamphwatalala wokhala ndi mano adamukonza Linus Yale wamng'ono ku America, n'kumulembetsa mu 1861 ndi 1865. M'kati mwake muli tizitsulo tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, tosiyana msinkhu, tokankhidwa ndi timasipuling'i. Kiyi woyenera akalowa, dzino lililonse limanyamula kachitsulo kake mpaka tonse tifole mzere umodzi, apo ndiye loko amatembenuka. Dzino limodzi likaperewera pang'ono chabe, chitseko chimakana.

Yang'anitsitsani mmisiri akamagwira ntchito. Makina ali ndi zopanira ziwiri. Kwina amapana kiyi wanu, kwinako kiyi wopanda mano. Kachitsulo kolondolera kamayenda m'mano a kiyi wanuyo, gudumu lakuthwa n'kumasema chimodzimodzi pa mnzakeyo, fumbi la mkuwa lili waa pa benchi. Akatha amatenga tupa, kusalaza m'mbali, kuuzira, kenaka kuwagundanitsa makiyi awiriwo moyang'anitsa ku dzuwa. Magetsi akathima, mmisiri weniweni sapinda manja. Amapana makiyi onse awiri pa vayisi n'kusema ndi tupa yekhayekha. Apa m'pamene amasiyanirana wodziwa ntchito ndi wongodziwa kuyatsa makina.

Tsopano za m'thumba. Tinene mosabisa: chiyambi chake n'chowawa. Mnyamata kapena mtsikana wofuna lusoli nthawi zambiri amaliphunzira pokhala pambali pa mmisiri, ndipo miyezi yoyamba amasesa, kutumidwa, kusanja makiyi opanda mano m'magulu awo. Cholowa m'thumba ndi ya nkhomaliro ndi ya sopo, kutengera mmene tsikulo layendera. Mu February 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, koma pa benchi la pamsika kawirikawiri sipakhala kalata ya ntchito kapena tsiku la malipiro. Ife tikuti izi si bwino. Wophunzira amene wayamba kudula makiyi olipidwa ndi makasitomala ayenera kukhala ndi gawo lake lodziwika, lopangana poyera, makolo ake akumva.

Akadziimira payekha, mavuto amasintha nkhope. Makina, magudumu osemera ndi makiyi opanda mano, zonsezi n'zochokera kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zipangizozi idathamanga. Komatu kasitomala ali ndi kothawira: maloko otchipa ochokera ku China adzaza m'masitolo, ndiye mtengo wodulira kiyi ukakwera kwambiri, amangothyola loko wakale n'kugula wina. N'chifukwa chake pa mabenchi ambiri mupezanso akukonza mawotchi, maambulera, ngakhale zipi wa chikwama. Kukopera makiyi a nyumba kokha kumagula ndiwo, koma lendi ndi fizi zimafuna zina.

Ndalama yooneka ili m'ntchito zoitanidwa: kutsegula nyumba imene mwini wadzitsekera kunja, kusintha maloko alendi akasamuka, kukonza sefa ya mu ofesi. Koposa zonse, ili m'magalimoto. Magalimoto ambiri akale ochokera ku Japan, odzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa chipata cha Songwe, amafika ndi kiyi mmodzi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, opanga magalimoto adayamba kubisa kachipangizo m'mutu wa kiyi kamene kamalankhulana ndi kompyuta ya galimoto. Mungadule mano bwinobwino, chitseko n'kutseguka, koma injini osalira. Pamafunika makina ena olumikiza ku galimotoyo kuti imuzindikire kiyi watsopano. Wa takisi amene galimoto yake ya Sienta yaima chifukwa cha kiyi sanenerera kwambiri, pakuti tsiku lililonse loima ndi ndalama yotayika. Wachinyamata wolowa ntchitoyi lero aphunzire tupa, inde, komanso zamagetsi a galimoto ndi kompyuta. Makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Salima, pansi pa ndondomeko za bungwe la TEVETA lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, ndi malo oyenera kukafunsirako za maphunziro a zamagetsi ndi zamagalimoto.

Pali chinanso chimene sichigulidwa m'sitolo. Mu 1851, ku London, munthu wa ku America dzina lake Alfred Charles Hobbs adatsegula popanda kiyi loko wa kampani ya Bramah, yemwe adakhala zaka zambirimbiri pa windo la sitolo akudikira womugonjetsa. Zidamutengera maola 51. Anthu adachita mantha, pozindikira kuti luso la mmisiri ndi la mbala ndi limodzi. Mantha amenewo alipobe. Nyumba ikaberedwa chitseko chosathyoledwa, maso amayamba kuloza kwa amene adadula kiyi. Choncho mmisiri wanzeru amabweza munthu wobwera ndi kiyi wodindidwa pa sopo, ngakhale atalonjeza ndalama zingati. Woti kiyi wa galimoto wataya, amayamba wamuuza kuti, “Bwana, tiwoneko bluu buku ndi chiphaso chanu cha unzika.” Tsiku limenelo akhoza kugona ndi njala, koma eni nyumba za lendi, masukulu ndi maofesi amaitana munthu wotere, ndipo amauzana.

Inu makolo amene mwana wanu walemba Fomu 4 ndipo ali pakhomo, mukapita kumsika musangodulitsa kiyi n'kuchoka. Khalani pansi ndi mmisiriyo, mumufunse ngati angalandire wophunzira, adzamuphunzitsa zotani, ndipo adzayamba liti kumupatsa gawo lake. Mupangane zonsezi mwanayo asanagwire tupa.