Kuyeza Makanda Matenda Asanaonekere

Khanda lingathe kubadwa looneka lathanzi, loyamwa bwino ndi kulira mwamphamvu, pomwe m'thupi mwake muli matenda obadwa nawo amene zizindikiro zake zimadzatulukira atawononga kale ubongo kapena ziwalo zina. N'chifukwa chake m'maiko ambiri makanda onse amayezedwa m'masiku oyambirira, osadikira kuti ayambe adwala. Namwino amabaya chidendene cha mwana ndi kasingano, n'kudonthezera magazi papepala lapadera, lomwe likauma limatumizidwa kulabotale.

Njira imeneyi anaiyambitsa Robert Guthrie wa ku America kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, pofuna kupeza ana obadwa ndi phenylketonuria, matenda amene thupi limalephera kugaya mbali ina ya zakudya zomanga thupi, kotero kuti zotsalira zake zimaunjikana m'magazi ndi kupha nzeru za mwana. Akapezeka msanga n'kupatsidwa chakudya chapadera, mwanayo amakula ndi nzeru zake zonse. Pambuyo pake madontho omwewo anayamba kuyezedwanso pofufuza kufooka kwa chithokomiro, chiwalo cha pakhosi chotulutsa michere yokulitsa thupi ndi ubongo, vuto limene mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku amalithetsa.

Kuno ku Africa nkhawa yaikulu ili pa sickle cell, matenda otengera kwa makolo onse awiri, amene amachititsa maselo ofiira a magazi kupindika ngati chikwakwa, kutseka timitsempha ndi kufa msanga. Ana ambiri otere amamwalira asanakwanitse zaka zisanu, kawirikawiri ndi chibayo, malungo kapena kuchepa kwa magazi, makolo asanadziwe n'komwe gwero la vutolo. Kafukufuku wofalitsidwa ku America mu 1986 anaonetsa kuti penisilini womwa tsiku lililonse amachepetsa ndi 84 peresenti matenda oopsa obwera ndi majeremusi a chibayo mwa anawa, ndipo mu 1995 mzinda wa Kumasi ku Ghana unayamba kuyeza makanda motsogozedwa ndi Kwaku Ohene-Frempong.

Ku Malawi luso loumitsa magazi papepala si lachilendo, pakuti limagwira kale ntchito poyeza HIV mwa ana a milungu isanu ndi umodzi. Komabe kuyeza kumapindula pokhapokha zotsatira zikabwerera msanga kuchipatala, makolo n'kufotokozeredwa momveka bwino, ndipo mankhwala n'kumapezeka mosadukiza, chifukwa mwana wopezeka ndi vuto koma osatsatiridwa amakhalabe pachiopsezo chofanana ndi mnzake amene sanayezedwe.