Chipukuta Misozi cha Odulidwa Ziwalo pa Ntchito ya Zomanga

Makina osakaniza simenti amagwira kawirikawiri mnyamata amene wapisa dzanja mu mgolo kuti apale konkire youma pamene makinawo akali kuzungulira, kapena amene malaya ake akodwa m'lamba wopanda chotchinga. Pofika kuchipatala, dokotala alibe chochita koma kudula chimene chatsala.

Zikatero, akapitao ena amapatsa wovulalayo tindalama ta sopo, namuuza kuti akapumule kumudzi pakuti ngoziyo anaiputa yekha. Ambiri amathokoza n'kupita, osadziwa kuti asiya zawo m'mbuyo.

Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 silifuna kuti wovulala ayambe watsimikiza kulakwa kwa bwana wake. Chachikulu n'chakuti wavulala ali pa ntchito. Wolumala kotheratu ayenera kulandira malipiro a miyezi 54 nthawi imodzi. Woduka dzanja kapena zala alandira gawo la ndalamazo, monga mwa kukula kwa chilema chimene dokotala walemba. N'chifukwa chake chikalata cha dokotala sichiyenera kutayika.

Nkhaniyo ikaperekedwe msanga kwa mkulu wa za ntchito pa Boma. Aphunzitsi ndi alembi, amene anthu akumudzi amawabweretsera makalata kuti awawerengere, awalozere khomo limenelo.