Galasi la Foni Limabadwira ndi Kufera pa Malire

Khoma likamang'aluka, kaŵirikaŵiri mng'alu umatsata pamene njerwa yakumana ndi dothi lomangira. Mmisiri aliyense wa ku Thuchila amadziŵa zimenezi. Lamulo lomweli limagwiranso ntchito m'galasi la mafoni ena a masiku ano, lotchedwa OLED.

Galasi limeneli limaŵala ndi mankhwala a kaboni oyalidwa m'magawo osanjikizana, opyapyala koposa tsitsi la munthu. Akatswiri anadziŵa kale m'zaka za m'ma 1960 kuti mankhwala otere akhoza kuŵala, koma pankafunika mavolti 100 kapena kuposerapo. Tsono m'chaka cha 1987, Ching Tang ndi Steven Van Slyke a kampani ya Eastman Kodak ku America anasanjikiza magawo aŵiri osiyana, ndipo nyale yawo inaŵala bwino ndi mavolti osakwana 10.

Chinsinsi chinali pa malire. Gawo limodzi limanyamula maelekitironi, pamene linalo limanyamula mabowo, kutanthauza mipata imene elekitironi yachokamo. Ziŵirizi zikafika pa malire a magawowo zimaunjikana, nkugwirana, ndipo pogwiranapo kuŵala kumatuluka. Malire akakhala oyipa, mphamvu imasanduka kutentha kwachabe ndipo batire silichedwa kutha.

Komanso imfa ya galasi imayambira pa malire ena, pamene chitsulo choloŵetsa magetsi chakhudzana ndi mankhwalawo. Chinyezi ndi mpweya wa okosijeni zikafika pamenepa, chitsulo chimadyeka nkumatuka. Magetsi amalephera kudutsa, ndipo pamaoneka kadontho kakuda kamene kamakula tsiku ndi tsiku. Nchifukwa chake opanga amamata galasi kuti mpweya usaloŵe.

Nkhaniyi njofunika kwa anthu okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kumene mvula ndi chiperoni zimadzaza mpweya ndi chinyezi. Kamng'alu kamene mwini foni akunyozera ndi khomo la chinyezicho. Wachinyamata amene watsiriza sukulu nayamba kukonza mafoni adziŵe kuti dontho lotere silipukutika, ndipo mankhwala ake ndi galasi latsopano basi. Kulonjeza zina nkudyera mnzake ndalama. Nawo aphunzitsi a sayansi ali ndi chitsanzo chogwirika: galasi lakufa limodzi likhoza kuonetsa ophunzira pamene Fizikisi ndi Kemisitiri zimakumana.