Dzina Lolembedwa pa Mwala

Kodi mukukumbukira masiku aja munkadinda chala pa pepala? Kale ku Mesopotamia, kumene lero ndi ku Iraq, anthu ambiri sankadziŵanso kulemba. Iwo ankasayina ndi chidindo. Chinali kamwala kobulungira ngati chala, kogobedwa zithunzi. Pochita pangano, mwini wake ankakagubuduza pa dongo laliŵisi lolembedwa mawu.

Olemera ankakonda mwala wabuluu wotchedwa lapis lazuli. Unkachokera kutali, kumapiri a ku Afghanistan.

Pakati pa 1922 ndi 1934, Leonard Woolley ankafukula manda mumzinda wakale wa Ur. Anapeza mafupa a mayi wina atavekedwa golide ndi mikanda yofiira. Anali yani? Pathupi pake panali chidindo chabuluu chokhala ndi dzina lake: Puabi. Mfumukaziyi inamwalira zaka pafupifupi 4,500 zapitazo.