Nkhokwe, Chikombole ndi Kontena: Mawu Ofotokozera Kusunga Mafayilo pa Makina a Panyumba

Luso latsopano likafika pakati pathu limadza ndi mawu ake. Pofufuza mawu a Chichewa oyenera lusolo, tiyenera kusankha mawu othandiza munthu kuzindikira chimene akuchita, pakuti liwu losokoneza likhoza kumutayitsa katundu. M'nkhani ino tifotokoza ntchito imodzi ya makompyuta pamodzi ndi mawu amene tikupempha kuti akhazikitsidwe.

1. Ntchito yake

Pali kabokosi kokhala ndi disiki imodzi kapena kuposerapo kamene kamalumikizidwa ku rauta ya panyumba, kuti makompyuta ndi mafoni onse a pakhomopo azisungiramo mafayilo. M'Chingerezi kamatchedwa NAS. Ena mwa makampani opanga timabokositi ndi Synology, imene inayamba mu 2000, ndi QNAP, ya mu 2004, onse a ku Taiwan.

Malo akatsala m'madisikimo, mwini wake akhoza kuwabwereketsa ku ntchito ngati Storj, imene Shawn Wilkinson anaiyambitsa mu 2014. Fayilo ya kasitomala imayamba yabisidwa ndi kiyi wachinsinsi, kenaka imaduladulidwa ndi kumwazidwa pa makina a anthu ambiri m'mayiko osiyanasiyana. Pa dongosolo limene Storj inadziwika nalo, fayilo inkagawidwa m'zidutswa 80, ndipo zidutswa 29 zilizonse zinali zokwanira kuibwezeretsa yonse. Wosunga zidutswa amalipidwa, koma sangathe kuwerenga zimene akusungazo.

2. Mawu amene tikupereka

(a) Nkhokwe: kabokosi kaja pamodzi ndi madisiki ake. Liwuli n'loyenera chifukwa nkhokwe ndi malo okhalitsa, amene banja lonse limatapamo.

(b) Nodi: makina amodzi mwa makina ambiri ogwirira ntchito limodzi. Liwu loti mfundo likanatha kugwira ntchito, poganizira mfundo za ukonde, koma wowerenga angalisokoneze ndi mfundo za m'nkhani. Choncho tabwereka liwu la Chingerezi ndi kulimaliza ndi lembo la liwu monga mwa malamulo a kalembedwe kathu. Tinena kuti nodi yanga, nodi zathu.

(c) Chikombole: chimene Chingerezi chimachitcha image. Kumasulira liwuli kuti chithunzi n'kulakwitsa, popeza palibe chojambulidwa. Ndi phukusi la pulogalamu ndi zonse zofunika kuti igwire ntchito, ndipo kuchokera m'phukusi limodzi mukhoza kutuluka makontena ambiri ofanana, monga momwe chikombole chimodzi chimaumbira njerwa zambiri.

(d) Kontena: pulogalamu imene yatuluka m'chikombole ndipo ikugwira ntchito payokha, yosasakanikirana ndi mapulogalamu ena. Liwuli talizolowera kale chifukwa cha makontena onyamulira katundu pa sitima ndi pa malole. Pulogalamu ya Docker, imene inatuluka mu 2013, ndiyo inafalitsa njirayi. Dzina la Docker lilembedwe monga liliri, pakuti ndi dzina la malonda.

(e) Chiphaso: mafayilo ochepa otsimikizira kuti nodi ndi yomweyo imene inapatsidwa zidutswa.

(f) Khomo: nambala imene mauthenga a pa intaneti amalowera pofuna pulogalamu inayake.

3. Ndondomeko ya ntchito

Poyamba, ikani Docker m'nkhokwe. Pa makina a Synology pulogalamuyi imatchedwa Container Manager kuyambira mu 2023, pamene DSM 7.2 inatuluka. Chachiwiri, pangani mafoda awiri m'nkhokwe, ina ya chiphaso, ina ya zidutswa. Chachitatu, pangani chiphaso. Ntchitoyi imafuna masamu ambiri ndipo ikhoza kutenga maola, kotero ndi bwino kuichitira pa kompyuta yamphamvu, n'kusamutsira chiphasocho m'nkhokwe. Chachinayi, uzani rauta kuti mauthenga onse ofika pa khomo 28967 azipita ku nkhokwe. Khomo 14002, limene limaonetsa mmene nodi ikuyendera, likhale la a m'nyumba okha. Chachisanu, tengani chikombole, konzani foda ya zidutswa ndi lamulo loyambira limene limaperekedwa kamodzi kokha, ndipo yatsani kontena mutailozera mafoda awiri aja.

Nodi imayenera kukhala yoyaka usana ndi usiku. Kumene magetsi amathimathima, batire yothandizira ndi yofunika, chifukwa nodi yosowasowa imayimitsidwa, ndipo disiki yozimitsidwa mwadzidzidzi ikhoza kuononga mafayilo.

4. Chifukwa chosiyanitsira kontena ndi nkhokwe

Apa ndi pamene pagona nkhani. M'misika yathu kontena ndi malo osungiramo katundu, otsekedwa ndi loko wamkulu, ndipo ena aisandutsa sitolo. Munthu wozolowera tanthauzo limeneli angaganize kuti mafayilo ali bwino m'kati mwa kontena ya Docker. Zoona zake n'zakuti kontenayi ndi yosakhalitsa. Pulogalamu ikafuna kukonzedwa, kontena yakale imachotsedwa, ina n'kuumbidwa kuchokera m'chikombole, ndipo zonse zimene zinalembedwa m'kati mwa yakaleyo zimapita nayo. Ngati zidutswa zinali m'menemo, nodi imalephera pamene Storj yafunsa kuti ione zimene inasungitsa, ndipo nodi yolephera kangapo imachotsedwa osabwezedwanso. Chiphaso chikatayika, zidutswa zotsala zimasanduka zopanda mwini.

N'chifukwa chake tikupempha aphunzitsi, omasulira ndi olemba mabuku a malangizo kuti mneni woti kusunga azimugwiritsa ntchito ndi nkhokwe yokha. Za kontena tizinena kuti yayatsidwa, yazimitsidwa, yachotsedwa kapena yaumbidwanso. Owerenga amene ali ndi maganizo ena pa mawuwa, makamaka pa liwu loti nodi, atilembere kuti tiwaunike limodzi asanakhazikitsidwe.